Boma Lacotsa Malipiro, Silinacotse Kholo

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi a sukulu za kumidzi



Mwandipempha kuti ndilankhule za mgwirizano wa makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ya pulaimale, ndipo ndifuna kuyamba ndi mau ena amene afala pakati pathu. Mu Januwale 2022 Boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linacotsa malipiro a sukulu, kuyambira ku makalasi a ana ang'ono kufikira Giredi 12, ndipo ndalama ya PTA imene makolo anali kupereka inacotsedwa pamodzi nao. Ici cinali cinthu cacikulu, ndipo palibe munthu wa maganizo abwino amene angadandaule naco. Koma kuyambira nthawi imeneyo makolo ambiri akaitanidwa ku msonkhano wa pa sukulu amayankha kuti, "Tikatengeko ciani? Sukulu tsopano ndi ya Boma, ife tapumula." Mabenci akhala opanda anthu, ndipo mphunzitsi wamkulu amatsala akulankhula ndi amai asanu ndi agogo awiri. Yankho limeneli ndilo ndabwera kudzatsutsa, ndipo ndidzalitsutsa ndi mbiri ya abale athu a m'makomboni a mu Lusaka.

Wina angafunse kuti, nanga ife a kumudzi tiphunzirenji kwa anthu a m'tauni? Anthu amenewo ndi athu omwe. Palibe mudzi kuno umene ulibe mwana, mlongo kapena mphwake wa munthu ku Kanyama, ku Chawama, ku George, ku Matero, ku Mtendere kapena ku Kalingalinga. Komanso iwo anayamba ndi zocepa kupambana ife. Ife tiri ndi mfumu yoitana anthu, tiri ndi malo, tiri ndi dothi loumbira njerwa ndi mitengo ya denga, ndipo tonse tidziwana maina ndi mafuko. Iwo analibe mfumu, analibe malo aoao, ndipo munthu woyandikana naye nyumba kawirikawiri anali mlendo wa mtundu wina ndi cinenero cina.

Pamene atsamunda anasamutsira likulu la dziko ku Lusaka mu 1935, anamanga mzinda wa azungu, ndipo munthu wakuda analoledwa kukhalamo ngati wanchito cabe. Matero inamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale anthu olembedwa nchito. Otsala ambiri anakamanga timisasa pa mapulazi ndi pa malo okumba miyala, nalipira lendi kwa eni malo. George inatenga dzina la mzungu amene anali mwini malowo, ndipo Chawama poyamba inali kudziwika ndi dzina la Roberts. Titalandira ufulu mu 1964, malamulo oletsa munthu kulowa m'tauni anatha, ndipo anthu anakhamukira mu Lusaka. Mu 1969 munali anthu oposa 260,000, mu 1980 oposa 530,000, ndipo kalembera wa 2022 anapeza oposa 2 miliyoni. Koma Khansolo ya mzinda inali kuona ambiri a makomboni amenewa ngati osaloledwa, kotero siinali kuikamo mipope, miseu kapena sukulu. Ana anali kubadwa tsiku ndi tsiku m'malo amene pa mapu a Boma panalibe nyumba ndi imodzi yomwe.

Zinthu zinatembenuka mu 1974, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolola kuti makomboni otere akonzedwe m'malo mwa kugwetsedwa, ndipo World Bank inabwereketsa ndalama za nchitoyo. George, Chawama, Chaisa, Chipata ndi Garden anali m'gulu la oyamba kukonzedwa. Kalingalinga inatsatira kuyambira mu 1980 ndi thandizo la dziko la West Germany. Cimene ndifuna kuti mumvetse ndi m'mene nchito inayendera. Mu komboni yothinana, kuti mseu, mpope kapena sukulu ipeze malo, nyumba za anthu ena ziyenera kucoka. Akatswiri sanangofika ndi zingwe zao zoyezera. Anaitanitsa misonkhano gawo ndi gawo kudzera mwa atsogoleri a cipani ca UNIP, cimene cinali kulamulira cokha masiku amenewo, ndipo anthu osankhidwa ndi anzao anayenda pansi pamodzi ndi akatswiriwo kuonetsa pamene mseu udutse. Amene nyumba zao zinagwa anapatsidwa malo ena pafupi. Munthu amene wasuntha nyumba yake kuti ana a anthu ena apeze pophunzirira sanganene konse kuti sukulu ndi ya Boma lokha.

Koma m'zaka zomwezo cuma ca dziko cinayamba kudwala. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, mafuta anakwera, ngongole zinaculuka, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1980 ndalama yopita ku masukulu inali itacepa kwambiri. Malipiro a mphunzitsi anatha mphamvu kotero kuti sanali kufika pakati pa mwezi. Mabuku anatha, madesiki anathyoka, magalasi a mazenera anasweka osabwezeretsedwa. Kalasi imodzi inayamba kulandira magulu awiri kapena atatu pa tsiku, ena m'mamawa, ena masana, ena madzulo. Nthawi yolembetsa Giredi 1, makolo a mu Lusaka anali kulawirira usiku kukaima pa mzere, ndipo ambiri anali kubwerera ndi mwana wao ku dzanja malo atatha.

Pamenepo ndi pamene bungwe la makolo ndi aphunzitsi, limene tonse timangoti PTA, linasanduka cinthu cina. Bungweli linapangidwa kuti kholo ndi mphunzitsi azikambirana za mwana. Koma popeza Boma linalibe ndalama, linasanduka wokhometsa msonkho. Kunabwera ndalama ya thumba la sukulu, ndalama ya cimango, ndalama ya masewera, ndalama ya mlonda. Mwana wofuna malo anauzidwa kubwera ndi thumba la simenti, mtolo wa mapepala, tsace, kapena citini ca kobula wopukutira pansi. Sindinena kuti ndalama zimenezo zinalibe nchito. Zinamanga makalasi ambiri amene akali ciimire kufikira lero, ndipo popanda izo masukulu ena akadatsekedwa. Koma taonani cimene zinacita pakati pa anthu awiriwa. Msonkhano wa PTA unakhala tsiku lolengeza mtengo watsopano. Kalata yocokera ku sukulu inakhala kalata ya ngongole. Mwana amene kholo lake silinalipire anali kuimitsidwa pamaso pa anzake ndi kubwezedwa ku nyumba, ndipo manyazi amenewo anali kuwasenza yekha m'njira monse. Kholo linayamba kuona mphunzitsi ngati mesenjala wa msonkho, mphunzitsi nayenso anayamba kuona kholo ngati wangongole wothawathawa. Amai osauka anali kuzemba akaona mphunzitsi pa msika. Mbadwo wathunthu wa makolo unakula ukudziwa kuti kupita ku sukulu ya mwana ndiko kupita ndi ndalama m'manja, ndipo wopanda ndalama alibe conena. Ndiye musadabwe kuti pamene ndalama inacotsedwa, makolo anaona ngati cifukwa copitira ku sukulu cacotsedwanso.

M'zaka za m'ma 1990 mavuto anaonjezeka. Makampani a Boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, abambo zikwi zambiri anacotsedwa nchito, ndipo matenda a Edzi anasiya ana amasiye m'nyumba za agogo ndi za azakhali amene analibe ngakhale ndalama ya yunifomu. M'makomboni munadzaza ana a zaka 9, 10 ndi 12 amene sanaloweko m'kalasi ciyambire. Apa ndi pamene anthu a m'makomboni anacita cinthu cimene ndabwera kudzakusimbirani. Sanadikire. Anayamba masukulu aoao.

Masukulu amenewa, amene timawachula kuti sukulu za anthu a m'dera, anayambira m'nyumba zopemphereramo pakati pa sabata, m'nyumba zosatha kumanga, pansi pa mtengo, ngakhale pa bwalo lopanda mthunzi. Mipingo inathandiza kwambiri, ndipo mu 1992 mu Lusaka munayamba bungwe la Zambia Open Community Schools. Pa sukulu yotere mwana sanali kufunsidwa yunifomu kapena nsapato, ndipo sanali kubwezedwa cifukwa ca kukula msinkhu. Ana amene anacedwa kuyamba anali ndi ndondomeko yaoyao ya maphunziro, dzina lake SPARK, imene inapanikiza nchito ya zaka 7 m'zaka 4. Mwini sukulu anali komiti ya makolo. Komiti ndiyo inali kufuna malo, kusankha mphunzitsi pakati pa anyamata ndi atsikana a mu komboni momwemo amene anatsiriza Giredi 9 kapena Giredi 12, ndi kumsonkhera kandalama kocepa, kapena ufa, kapena cipinda cogona. Komiti ndiyo inali kudziwa nyumba imene muli mwana wamasiye wobisidwa kuti azitunga madzi, ndipo inali kupita kukagogoda pa citseko. Mu 1998 Unduna wa Maphunziro unasainirana pangano ndi bungwe loyang'anira masukulu amenewa. Mu 2000 unayamba kuulutsa pa wailesi maphunziro a Taonga Market, pamene ana anali kusonkhana mozungulira wailesi imodzi, ndipo munthu wosankhidwa ndi anthu a m'dera anali kuwatsogolera potsata mau a mphunzitsi wa pa wailesi. Masukulu a anthu anali owerengeka cabe pakati pa zaka za m'ma 1990, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 anaposa 2,500 m'dziko lonse, ambiri a iwo ali kumidzi, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu a pulaimale anali kuphunzira m'menemo.

Tsono mverani ici. Pamene Unduna unayesa ana a Giredi 5 m'dziko lonse mu 2003, ana a masukulu osauka amenewa sanatsalire m'mbuyo mwa anzao a masukulu a Boma, ngakhale kuti aphunzitsi ao ambiri sanapiteko ku koleji ndipo mabuku anali osowa. Cinsinsi cake si cozama. Mphunzitsi anali kukhala pakati pa makolo, akutunga madzi pa mpope umodzi ndi iwo. Akajomba, pofika masana komboni yonse inali itadziwa, ndipo madzulo wapampando wa komiti anali pa khomo pake. Mwana akajomba masiku awiri, mphunzitsi sanali kulemba kalata. Anali kudutsira pa nyumba popita kwao. Kholo silinali kuopa kulowa m'kalasi, pakuti benci limene mwana anakhalira linakhomedwa ndi manja ake. Anthu awiri anali kuyang'ana mwana mmodzi, wina ku nyumba, wina ku sukulu, ndipo anali kuuzana zimene aona.

Sindifuna kuti mucoke pano ndi cithunzi copakidwa utoto. Masukulu amenewa anali ndi zilema zao zazikulu. Mphunzitsi wosalipidwa amacoka tsiku limene wapeza nchito ya ulonda kapena ya m'sitolo, ndipo ana amatsala pakati pa temu. Zipinda zina zinali za mdima, zopanda cimbudzi. Panalinso akamberembere amene anakhoma cikwangwani ca sukulu pa nyumba, nasonkhanitsa ana amasiye kuti awajambule zithunzi ndi kudyerapo ndalama za opereka thandizo. Ndipo kunena zoona, sikunali cilungamo kuti anthu osauka kupambana onse ndiwo adzimangire sukulu ndi kudzilipirira mphunzitsi, pamene ana a m'mayadi anali kuphunzira m'nyumba zomangidwa ndi msonkho wa tonse. Kuphunzitsa ana ndi udindo wa Boma, ndipo Boma linacita bwino pamene lamulo la maphunziro la 2011 linazindikira masukulu a anthu, ndi pamene linayamba kutumizako aphunzitsi ake. Cimene ndikuyamikira si umphawi wa masukuluwo. Ndikuyamikira maso a makolo amene anali pamenepo, cifukwa maso amenewo sagulidwa ndi ndalama ya Boma.

Malipiro a pulaimale anayamba kucotsedwa mu 2002, m'nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7, ngakhale kuti m'masukulu ambiri zopereka zinabwereranso pa khomo la kumbuyo ndi maina ena. Mu 2022 khomo linatseguka kotheratu, ndipo ana amene anali pa nyumba anakhamukira ku sukulu. Caka comweco Boma linalemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000, ndipo thumba la citukuko ca dera la phungu, la CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, mbali ina nipita ku madesiki ndi makalasi. Koma ana anaculuka mofulumira kupambana njerwa. M'makomboni a mu Lusaka si cacilendo kupeza kalasi ya ana 100 kapena kuposerapo. Abale anga, werengani nokha. Phunziro limodzi ndi la mphindi 30 kapena 40. Mphunzitsi amene ali ndi ana 100, ngakhale atasiya kuphunzitsa kuti angoyang'ana buku la mwana ali yense, sangathe kupatsa mwana mmodzi theka la mphindi. Mwana wofatsa wokhala kumbuyo angathe kukwera kucoka Giredi 1 kufikira Giredi 4 osadziwa kuwerenga dzina lake, ndipo palibe amene angazindikire. Kholo liri ndi ana atatu kapena anai a sukulu. Ndani mwa awiriwa ali ndi mpata woona kuti mwana watsalira? Sukulu yaulere yakulitsa nchito ya kholo, siinaicepetse.

Nchito yoyamba ndi yoonetsetsa kuti mwana wafika m'kalasi. Ku Lusaka mwana amacoka pa nyumba atavala yunifomu, koma tsiku lonse amathera pa makina a njuga a bonanza, kapena pa malo oonetsera mafilimu. Wina amatumidwa ndi amake kukagulitsa vitumbuwa pa siteshoni ya basi, wina kukathandiza kuphwanya miyala m'mbali mwa mseu ku Kalingalinga. Popeza sukulu iri ndi magulu a m'mamawa ndi a masana, mwana wocenjera amauza amake kuti alowa masana, nauza mphunzitsi kuti anadwala. Bodza limeneli limakhala ndi moyo pokhapokha ngati kholo ndi mphunzitsi saonana. Kuno kwathu zifukwa ndi zina koma bala ndi lomwelo: kubusa ng'ombe, kutola thonje, kusoka fodya, kulondera anyani ku munda, ndi miyambo ya kudambwe ndi ya cinamwali ikaikidwa pakati pa temu. Mafumu athu muli pano, ndipo mau anu ndiwo angasunthire miyambo imeneyi ku nyengo imene sukulu yatsekera. Mwambo sutha cifukwa wadikira milungu itatu, koma mwana wa Giredi 2 amene wajomba mwezi wathunthu amabwerera atapeza anzake adutsa zilembo zimene iye sadzaphunzitsidwanso.

Ndimva amai ena akunong'ona kuti, "Ine sindinapite ku sukulu, ndingamthandize bwanji mwana?" Amai anga, simufunika kudziwa kuwerenga kuti muone ngati buku likudzaza kapena liri mbee. Simufunika setifiketi kuti muone ngati muli inki yofiira ya mphunzitsi. Tsegulani buku Lacisanu liri lonse. Mukapeza masamba opanda kanthu sabata yonse, pali cimodzi mwa ziwiri: mwana sakufika, kapena mphunzitsi sakuphunzitsa, ndipo zonse ziwiri ndi nkhani yoti mupite nayo ku sukulu Lolemba. Muuzeni mwana akuwerengereni mokweza zolembedwa pa thumba la feteleza, pa khadi la ku sikelo, m'buku la nyimbo za ku mpingo, kapena uthenga umene wabwera pa foni. Khutu lanu lidzakuuzani ngati akuwerenga kapena akungoloweza. Mpatseni kanthawi dzuwa lisanalowe, asanatumidwe ku citsime. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo pa nkhani ya kuwerenga poyamba pake ndi Giredi 1 ndi Giredi 2, osati caka ca mayeso.

Pali nkhani ina imene inaonetsa poyera kuipa kwa kusakambirana. Mu 2014 Boma linalamula kuti ana a Giredi 1 kufikira Giredi 4 aziphunzitsidwa m'cinenero ca m'dera lao, ndipo mu Lusaka cinenero cimeneco cinali Cinyanja. Makolo ambiri a m'tauni anakwiya, poganiza kuti ana ao akumanidwa Cingerezi ca nchito. Aphunzitsi nao anapeza kuti Cinyanja ca m'mabuku, cimene ciri pafupi ndi Cicewa ca kuno kwathu, cisiyana ndi Cinyanja cosakanizika ca m'misewu ya Kanyama ndi Chawama, ndipo ana ena ku nyumba amalankhula Cibemba, Citonga kapena Cilozi. Mbali zonse zinali ndi mfundo, koma m'malo ambiri sizinakhale pansi pamodzi. Kholo linadandaulira m'basi, mphunzitsi anadandaulira mu ofesi. Tsopano kuyambira mu 2025 kwayamba kulowa ndondomeko ina yatsopano, imene ikufupikitsa pulaimale kukhala zaka 6 ndi kubwezeretsa mafomu ku sekondale. Ndi ufulu wanu kupempha mphunzitsi wamkulu kuti akufotokozereni m'cinenero canu cimene casintha ndi m'mene cikhudzira mwana wanu, ndipo ndi udindo wake kutero osakuonani ngati ovuta.

Za ndalama ndinena mwacidule. Ndalama imene Boma limatumiza ku sukulu m'malo mwa malipiro aja ndi msonkho wanu, ndipo muli ndi mphamvu yofunsa kuti yabwera zingati, yabwera liti, ndipo yagula ciani. Ziwerengedwe poyera pa msonkhano ndi kukhomedwa pa cipupa. Mphunzitsi wamkulu wokhulupirika amakondwera nazo, pakuti zimamcotsera miseche. Komiti isankhidwe ndi makolo, isakhale ya abwenzi a mu ofesi kapena ya anthu a masitolo okhaokha, ndipo mukhale amai, popeza ndiwo adziwa mwana amene wagona ndi njala. Ngati mufuna kalasi kapena nyumba ya mphunzitsi kucokera ku CDF, pempho limadzera ku komiti ya citukuko ya wadi, ndipo sukulu imene makolo ake sapezeka kumeneko imaona madesiki akudutsa pa lole kupita kwina.

Aphunzitsi, tsopano nditembenukira kwa inu, ndipo ndilankhula ndi ulemu wonse pakuti ndidziwa katundu amene mwasenza. Musamaitane kholo pokhapokha mwana akalakwa. Munthu amene amaitanidwa kukamva zoipa zokhazokha amaleka kubwera. Mukakumana ndi bambo pa cigayo, muuzeni kuti mwana wake wayamba kulemba bwino. Mau awiri amenewo adzamfikitsa ku msonkhano kupambana makalata khumi. Musaike msonkhano m'mamawa wa tsiku la msika kapena pakati pa kupalira, ndi kudandaula pambuyo pake kuti makolo a kuno alibe cidwi. Musacititse msonkhano m'Cingerezi pamaso pa agogo amene akulera adzukulu asanu. Musayang'ane citenje cong'ambika ndi mapazi opanda nsapato musanamve mau a mwini wake. Ndipo pali zinthu zitatu zimene zimapha cikhulupiriro ca makolo msanga: kutuma ana a sukulu kukalima munda wanu, kufika m'kalasi mukununkha kacasu, ndi kusunga phunziro labwino kuti mukaligulitse madzulo kwa ana olipira. Cikoti naconso cinaletsedwa ndi lamulo. Mwana akapulupudza, itanani kholo mugwirizane cocita.

Makolo, inunso muli ndi mbali yanu. Mwana akabwera ndi dandaulo, musathamangire ku sukulu mutakwinya malaya ndi kutukwana mphunzitsi pamaso pa kalasi. Mukatero mwaphunzitsa ana 80 kuti mphunzitsi ndi munthu wonyozeka, ndipo mawa lake sadzamumvera. Imvani mbali zonse ziwiri mu ofesi, citseko ciri cotseka. Kumbukiraninso kuti mphunzitsi amene watumizidwa kuno wasiya magetsi ndi abale ake kutali. Akapeza nyumba yodontha, anthu omuba nkhuku, ndi mau omuopseza ndi ufiti, adzalemba kalata yopempha kusamuka caka cisanathe, ndipo amene adzaluza ndi ana anu, osati iye. Za atsikana, lamulo liri poyera. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene watenga pathupi ali pa sukulu ali ndi ufulu wobwerera akabereka, ndipo kuyambira mu Disembala 2023 ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale ukhale wa mwambo. Mphunzitsi ndiye amayamba kuona mtsikana akasowa m'kaundula, kholo ndi nyakwawa ndiwo adziwa kumene wapita. Akabisirana, mwanayo watayika. Ndipo mphunzitsi amene agwira mwana wa sukulu, nkhani yake siyothera pa mbuzi ndi nkhuku. Ndi ya kupolisi.

Nditsirize ndi nkhani ya madzi ndi zimbudzi, pakuti pa imeneyi anthu a ku Kanyama alipira mtengo wowawa. Kanyama inamangidwa pa thanthwe la miyala ya laimu, pamalo a cidikha pamene madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikaculuka madzi alibe kopita, monga zinacitikira pa cigumula ca 1978 cimene cinagwetsa nyumba zambiri, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime zosaya. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 inakantha kwambiri Chipata ndi Kanyama, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu Januwale 2018. Imene inayamba mu Okutobala 2023 inali yoopsa koposa: bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, anthu oposa 700 anafa m'dziko lonse, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anakhala otseka kufikira pa 12 Febuluwale. Ana a dziko lonse, ndi anu omwe kuno, anataya milungu isanu ya maphunziro. Pa sukulu ya ana 1,000 amene agawana zimbudzi zinai ndi ndowa imodzi yosambira m'manja, matenda safuna ciitano, ndipo mphunzitsi sangakumbe dzenje ndi coko. Cotero ndipempha kuti tisanabalalike lero, Wapampando, musankhe anthu asanu, amai atatu ndi abambo awiri, ayende ndi mphunzitsi wamkulu kuseri kwa makalasi, awerenge zimbudzi zimene zikugwira nchito, za atsikana padera ndi za anyamata padera, aone citsime ndi mtunda wake kucoka pa zimbudzizo, ndipo atiuze pa msonkhano wotsatira kuti ndi njerwa zingati ndi mcenga wocuruka bwanji zimene mudzi uli wonse uyenera kubweretsa mvula isanagwe.